Hajara ndi Gitala Yobwereka

Mutu 5

1. Kamera itsika pamsomali

Bambo Salehe anali wojambula zithunzi wodziwika ku Ndirande konse. Situdiyo yawo inali kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba yawo, kuseri kwa msika, koma aliyense wofuna chithunzi cha ukwati, cha chitupa kapena chotumiza kwa chibwenzi ankathera pomwepo. Tsoka ilo, mu Ogasiti chaka cha 1978 anawachita opaleshoni ya ng'ala m'diso lakumanja. Adokotala anawalamula kuti akhale m'nyumba masabata awiri osapenyana ndi dzuwa.

Sabata yomweyo kunabwera Maxon, mtsogoleri wa kagulu koimba ka ku Chilomoni kotchedwa Pamlatho Jazz Band. A Majidi, eni ake a holo ina ku Bangwe, anali atalola gululo kuti likaimbe kumeneko. Koma ankafuna chithunzi pofika Lolemba, choti amate pakhomo pa holoyo ndi pamaposita.

Panyumbapo panalibe wina woti apite kupatula Hajara, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Hajara anakulira m'situdiyomo. Kusakaniza mankhwala, kutsuka zithunzi ndi kuziyanika ankakudziwa bwino, koma kamera anali asanatulukepo nayo panja ngakhale tsiku limodzi. Ankaifuna ntchitoyo ndi mtima wake wonse. Zimenezi n'zimene zinkawapsetsa mtima a Mwanamisi, mayi ake aakulu, amene anali telala ku Limbe. Chimwalirireni mayi ake a Hajara, a Mwanamisi ankanena mosabisa kuti mtsikana wanzeru amakhala pamakina osokera, osati kumayendayenda m'misewu n'kumajambula amuna.

Loweruka m'mawa bambo Salehe anatsitsa kamera pamsomali. Inali yakuda, ya maso awiri, ija yoti wojambula amasuzumira pamwamba.

"Khala apa, mwanangu, undimvetsere," anatero. "Mayi ako aakulu akubwera Lolemba kudzakutenga, ndipo ine kukangana nawo kwandikwana. Ndiye tipangane. Ukabwera ndi chithunzi choti ine sindingachite nacho manyazi, ukhala muno. Ukawononga, ukwera nawo basi ya ku Limbe, za kamera tisadzazitchulenso. Filimu ili m'katimo ndi ya zithunzi khumi ndi ziwiri, ina ndilibe. Usakaimike anthu padzuwa, amatsinzina ndipo maso amalowa m'maenje. Usanayang'ane nkhope, uyambe wayang'ana kumbuyo kwawo. Ine ndinajambulapo mkwati mtengo wa papaya utamumera pamutu, mpaka lero akazi ake sandipatsa moni. Pamwamba ukasiye malo oti alembepo dzina la gulu. Ukayang'anenso tsitsi ndi mabuluku. Mwamuna wa tsitsi lofika pakolala kapena wa buluku lotambalala kumapazi usakamujambule, chifukwa masiku ano chithunzi chotero chikamatidwa pagulu, woyamba kufunsidwa ndi wojambula. Koma chachikulu ndi ichi: nkhope ndi ya mwini wake. Kasitomala akati ndiima chonchi, iwe jambula, usatsutsane naye. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

"Khadi la chipani watenga? Asakakubweze pabasi."

Hajara anawaonetsa khadilo, n'kukoleka kamera m'khosi.

2. Masuti atatu, wotchi imodzi

Anafika ku Chilomoni cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa litayamba kupendeka. Anachita dala kufika nthawi imeneyo. Gululi analimvapo kamodzi likuimba pafupi ndi msika, ndipo tsiku limenelo amayi anatula madengu pansi n'kuyamba kuvina. Maxon ankaimba banjo ya chigubu cha mafuta. Hawkins ankamenya kang'oma ndi waya wodzaza zitsekerero za mabotolo. Wachitatu anali a Venansio, bambo wachikulire wokhoma zidebe, amene ankaimba babatoni, chigitala chachikulu cha nsambo imodzi chimene woimba amachikhalira. M'basi monse Hajara ankaganiza mmene aimikire zinthu zimenezi kuti zioneke bwino.

Zimene anapeza pakhomo pa Maxon zinali zosiyana ndi zimene ankaganiza. Amuna atatu anali chilili padzuwa, onse m'masuti, ndipo panalibe suti ngakhale imodzi imene inkamudziwa woivala. Jekete la Maxon linameza manja mpaka zala. La Hawkins linakana kumanga mabatani. Tayi ya a Venansio inkangotsala pang'ono kupsompsona maondo. M'manja mwa Maxon munali gitala yamagetsi yofiira, yonyezimira, chingwe chake chikukwekwereka m'fumbi.

"Madala aja sanabwere?" anafunsa Maxon akusuzumira kumbuyo kwa Hajara. "Atitumizira mwana wamkazi?"

"Ababa akudwala diso, achimwene. Ndijambula ndine. Zoimbira zanu zili kuti?"

"Zigubu zija? Zili kunsi kwa bedi, ndipo zikhala komweko. Ukufuna anthu a ku Bangwe atiseke? Chithunzi chimafuna sitayilo, sisi. Gitala iyi ndabwereka kwa msuweni wanga woimba kuhotela m'tauni. Akuifuna dzuwa lisanalowe, ndiye fulumira."

Hajara anakumbukira mawu a bambo ake oti asatsutsane ndi kasitomala. Anasuzumira m'kamera. Kumbuyo kwa oimbawo kunali chimbudzi cha chitseko cha chiguduli, ndipo chingwe choyanikira zovala chinadutsa ndendende m'khosi mwa Maxon. Anawapempha kuti asunthire pamthunzi wa khoma. Anasuntha, koma monyinyirika, ati pamthunzi gitala siwala.

Kenaka anaona buluku la Hawkins. Kumapazi linali lotambalala moti nkhuku ikanakhoza kubisamo anapiye ake. Panapita nthawi yaitali akukangana, Hawkins akuumirira kuti ndiye fasho yake, mpaka mayi wina woyandikana nawo anabweretsa mapini n'kulipinda kumbuyo.

Atatha zimenezo anaima pamzere, manja m'mbali, zibwano m'mwamba, nkhope zili gwa. Anthu a nthawi imeneyo akaona kamera ankaima choncho, ngati kumwetulira n'kulakwira boma.

"Tamasukani pang'ono," anawapempha Hajara.

"Tamasuka kale," anayankha Maxon mano ali okukuta.

Pa chithunzi choyamba Maxon anaphethira. Pa chachiwiri mbuzi inadutsa. Chachitatu chinali bwinoko, koma Hawkins anati si chilungamo kuti gitala azigwira munthu mmodzi, poti onse ndi oimba. Anampatsa, iye n'kuigwira chozondotsa, ndipo panalibe mnzake amene anazindikira. Hajara ndi amene anachita kumuuza.

Ndiye panabuka nkhani ya wotchi. Wotchi inali imodzi, yobwerekanso, ndipo aliyense ankafuna chithunzi chake ataivala. Wovala wotchiyo ankakwinya mkono wa jekete n'kutukula dzanja kuti ioneke, mwakuti pa chithunzi chachisanu ndi chimodzi chigongono cha Hawkins chinaphimba nkhope ya a Venansio. Mayi wa mapini uja naye anabwera ndi khanda lake, ati alowe nawo cha kumapeto, sasokoneza.

Hajara anapukuta thukuta pamphumi. Atayang'ana pakabowo ka manambala anaona kuti zithunzi zisanu ndi zinayi zapita. Zonsezo zinali za amuna atatu okwiya atavala zovala za eni ake.

3. Hajara atseka kamera

"Zatsala zingati?" anafunsa Maxon.

"Zitatu."

"Zakwana bwino. Aliyense ajambulitse payekha ndi gitala. Ndiyamba ndine."

Hajara anayang'ana gitala ija, n'kuyang'ana Maxon. Kenaka anatseka chivindikiro cha kamera kuti phaa.

"Achimwene, ndifunseko. Loweruka likudzali ku Bangwe mukaimba ndi gitala imeneyi?"

"Ndakuuza kale kuti mwini wake akuifuna lero lomwe."

"Ndiye anthu akaona gitala yamagetsi pakhomo pa holo, n'kulowa, n'kupeza banjo ya chigubu. Mukuganiza kuti akakuomberani m'manja?"

"Iwe! Watumidwa kudzajambula kapena kudzatilangiza?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali ofanana ndi a bambo ake. Basi ya ku Limbe inamubwerera m'maganizo. Anachita mantha, koma zinali zitamukwana.

"Chabwino," anatero. "Tandiimbireni nyimbo imodzi ndi gitalayo. Mukaimba, ndikujambulani zitatu zonsezi mmene mukufunira."

Ana a m'deralo anali atadzaza kale pampanda. Maxon sakanatha kukana pamaso pawo. Anakoleka gitala ija paphewa, n'kutambasula miyendo monga amachitira oimba a m'magazini, n'kukhwatcha nsambo ndi mphamvu zake zonse. M'nyumba mwa Maxon munalibe magetsi, ndipo mzere wonsewo munalibe nyumba ya magetsi. Gitala ija inalira ngati udzudzu. Ana anagwa nako kuseka, wina mpaka kugudubuzika pansi.

Maxon anatutumuka nkhope. Asanatsegule pakamwa, a Venansio anamasula tayi ija pang'onopang'ono, n'kuipinda, n'kuiika pawindo.

"Maxon, mwana wanga, ine ndakhala chete kuyambira m'mawa," anatero. "Wandiveka jekete lonunkha mankhwala a njenjete, ndavala. Wandimanga chingwe m'khosi ngati mbuzi ya pamsika, ndalola. Koma tsopano undimvere. Banjo ili kunsi kwa bediyo ndinaikhoma ndi manja angawa. Chigubu ndinachita kukapempha kugalaja, nsambo ndinasolola ku mabuleki a njinga, ndipo ndinaikonza katatu kuti ilire mmene iwe umafunira. A Majidi anaima panjira n'kutimvera mpaka nyimbo zinayi. Anaimitsidwa ndi chiyani? Suti? Tsiku limenelo iwe unali ndi malaya ong'ambika pamsana. Munthu uja anaitana banjo, ng'oma ndi babatoni. Lero zinthu zimene zakutengera ku Bangwe wazibisa kunsi kwa bedi ngati zakuba, ukunyadira chinthu choti dzuwa likalowa chibwerera kwa mwini wake. Ukachita manyazi ndi chigubu chako pachithunzi, ukachitanso nacho manyazi pamaso pa anthu, ndipo zala zikakuuma. Ine ndakalamba, sindingakwere basi mpaka ku Bangwe kukagendedwa ndi zitsononkho chifukwa cha bodza la pakhoma. Mwanayu wanena zoona. Hawkins, katulutse katundu."

Hawkins sanadikire kuuzidwa kawiri. Jekete lija linali litamufinya kokwanira.

4. Zitatu zotsala

Tsopano Hajara anagwira ntchito mofulumira, chifukwa dzuwa linali likutsetsereka. Anawauza onse kuti avule majekete, atsale ndi malaya oyera, apinde mikono. Anawachotsa pakhoma paja n'kuwatengera kumtunda kwa nyumba, pamene panali thanthwe. Kumbuyo kwake kunalibe chimbudzi kapena chingwe, kunali phiri la Michiru ndi thambo lokhalokha, malo okwanira kulembapo dzina la gulu.

Za mzere anazikana. A Venansio anawakhazika pa babatoni wawo kumanzere. Hawkins anamunjutitsa kumanja ndi kang'oma kake. Maxon anamuimika pakati, phazi limodzi pathanthwe, kuti mitu itatuyo isalingane. Anawasendeza mpaka mapewa anatsala pang'ono kugundana. Dzuwa linkawawomba cha m'mbali, ndipo chigubu cha banjo chinayamba kung'anima.

"Musandiyang'ane ine," anatero. "Imbani basi."

A Venansio anayamba, babatoni n'kugunda pansipansi. Hawkins analowa ndi zitsekerero zake. Maxon ankangokanda nsambo, mlomo uli tu, maso ali kumbali. Hajara anafulumira kudina, ndipo atangodina anadziwa kuti wataya chithunzi. Zinatsala ziwiri. Anadziluma mlomo ndi mkwiyo, ulendo uno wodzikwiyira yekha.

Anadikira. Anagwada m'fumbi, kamera n'kuitsitsa mpaka pafupi ndi nthaka, kuti oimbawo aoneke ataliatali. Nyimbo inafika pakati. Amayi amene ankachokera kumpopi anatula zidebe n'kuyamba kuyankha nyimboyo. Maxon anayesetsa kukhalabe wokwiya, koma munthu sungakwiye nthawi yaitali anthu akuimba nyimbo yako. Phazi linayamba kugunda thanthwe. Kenaka anaponya mutu kumbuyo, n'kutsegula kukamwa, mawu n'kutuluka onse. A Venansio anamuyang'ana akuseka, manja a Hawkins ali m'malere.

Hajara anadina. Anapukusa filimu, n'kudikiranso pang'ono, n'kudina komaliza.

Nyimbo itatha, Maxon anapukuta thukuta ndipo mkwiyo wake unabwerera pomwe unali.

"Mvetsera, sisi. Chopita ku Bangwe ndi cha suti. Ndipo Lolemba ndikubwera ndekha kudzawauza madala ako kuti wandichititsa manyazi pamaso pa ana."

Ananyamula gitala yofiira ija n'kuthamanga nayo kumsewu, chingwe chikumukola m'miyendo.

5. Lolemba m'mawa

Lamulungu lonse Hajara anadzitsekera m'kachipinda kotsukira zithunzi. Bambo ake sanamufunse kanthu.

Lolemba Maxon analawirira. Anafika situdiyo ikungotsegulidwa kumene, n'kuyamba kudandaula asanakhale n'komwe. Anafotokoza za gitala, za ana oseka, za mtsikana wotseka kamera pamaso pa kasitomala. Bambo Salehe anamvetsera mpaka kumapeto, thonje lili padiso.

"Hajara, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, Ababa."

"Sindinakuuze kuti usakatsutsane ndi kasitomala?"

"Munandiuza."

"Bweretsa ndione."

Hajara anayala zithunzi ziwiri patebulo, cha suti chimene chinatuluka bwino koposa ndi cha pathanthwe. Bambo Salehe anatenga galasi lokulitsira zinthu n'kuwerama ndi diso lawo lamanzere. Cha suti anachiyang'ana pang'ono chabe. Pa chinacho anakhalitsa.

"Apa unagwada?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndinagwada."

"M'fumbi?"

"Eya, Ababa."

Anakankhira zithunzi zonse ziwiri kwa Maxon. "Nkhope ndi yanu, achimwene. Sankhani."

Maxon anatola cha suti. Anachiyandikiza, n'kuchitalikitsa, n'kuchipendeketsa. "Koma abale," anatero motsitsa mawu, "tikuoneka ngati tikudikira mlandu kukhoti." Anachiika pansi n'kutola chinacho. Anachiyang'anitsitsa.

"Nsapato yanga yong'ambika ikuoneka."

"Ikuoneka," anavomera Hajara.

"Chigubunso chikuoneka mpaka dzina la mafuta."

"Chikuoneka."

Maxon anakanda m'mutu. "Ndiye kuti ndikamaimba ndimaoneka chonchi, ine?" Analowetsa chithunzicho mu envulopu mosamala kwambiri, n'kuimirira. Atafika pakhomo anatembenuka. "Cha suticho mundisungire. Nditumiza kumudzi kwa amayi."

Atatuluka, bambo Salehe anatembenukira mwana wawo.

"Usaganize kuti ndakondwa ndi zonse," anatero. "Unataya zithunzi zisanu ndi zinayi uli chete, kenaka n'kuphulika pamaso pa ana. Mawu amene unanena pomaliza ukanawanena poyamba, pambali, mwaulemu, munthu asanachite manyazi. Wojambula amakambirana ndi anthu kamera isanatuluke m'chikwama. Dzana unapulumuka chifukwa panali munthu wamkulu wokuikira kumbuyo. Tsiku lina sadzakhalapo."

Hajara anaweramitsa mutu. Sanadziwe ngati mawu amenewa akutanthauza Ndirande kapena Limbe, ndipo anaopa kufunsa.

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka odi. Anali a Mwanamisi, atavala mpango wawo wa paulendo, m'manja muli chikwama chopanda kanthu choti Hajara alongedzemo zovala. Analonjerana ndi alamu awo, n'kufunsa za diso, koma kukhala pansi anakana.

"Basi sidikira, alamu. Mwanayu wakonzeka?"

Bambo Salehe anapapasa pamsomali n'kutsitsa kamera. Anatsegula kabati, n'kutulutsa filimu yatsopano, imene Loweruka lija anati alibe. Zonse ziwiri anaziika m'manja mwa Hajara.

"Mwafika bwino, alamu," anatero. "Takhalani pampando apo, kutsogolo kwa nsaluyo. Wojambula wa pano akujambuleni."

A Mwanamisi anayang'ana kamera, n'kuyang'ana Hajara, n'kuyang'ana alamu awo. Anamvetsa zonse. Anaponya chikwama chija pansi n'kudzigwetsa pampandopo, mpando mpaka kulira.

"Mwana uyu si wanu nokha, a Salehe. Ali ndi eni ake kuchikazi. Amalume ake ndiwatumizira uthenga lero lomwe, ndipo Lachisanu akhala ali pakhomo pano. Mudzawauze iwowo zimene mwandiuza inezi."

Hajara anamva mawuwo, ndipo anadziwa kuti amalume ake si munthu wobwezeka ndi chithunzi. Analowetsa filimu m'kamera. Anatsegula chivindikiro, n'kusuzumira. M'galasimo munali nkhope ya mayi ake aakulu, yokwiya, yofanana kwambiri ndi ya malemu mayi ake.

"Amayi," anatero, "tadzutsani chibwano pang'ono. Musagwedezeke."